Mayi Ndowa ndi Madesiki a M'mwamba

Iyayi, Mayi Ndowa alibe pakati. Inu amene mwakhala mukuwerenga miyezi pa zala, pindani zalazo mubise m'matumba, ndipo amene munayamba kale kuluka timasokosi masulani ulusi. Nkhani ija yoti mayi wokolopa m'nyumba yatsopano yamagalasi, mayi wa zidzukulu, wamasiye wa kalekale, wapatsidwa mimba ndi mlonda wa pakhomo, ndi bodza lamkunkhuniza. Zoti amasanza m'mawa n'zoona. Zoti amayamwa mandimu n'zoona. Zoti mlondayo anaonedwa atawagwira m'chiuno kuseri kwa chitseko cha masitepe, nazonso n'zoona. Koma zonsezi mukaziphatikiza sizibala mwana. Khalani pansi mumve.

Dzina loti Ndowa sanabadwe nalo. Linawamera chifukwa palibe amene anawaonapo kuntchito opanda ndowa yawo yabuluu, yothyoka chogwirira, yomangidwa ndi waya. Anayamba kukolopa ku kampani ya inshuwalansi chaka chimene bambo a kunyumba kwawo anatsogola, kuwasiyira ana atatu ndi wailesi yosalankhula. Ofesi ya nthawi imeneyo inali nyumba yapansi, yamalata, ya simenti yofiira yomwe inkamwa polishi ngati chidakwa. Mawindo ake anali ang'onoang'ono, otchingidwa ndi zitsulo, moti munthu wofuna kuona kunja ankachita kuimirira dala. M'menemo mayiwa anakolopa mpaka ana awo anakula, mabwana akubwera n'kumapita, iwo ali pompo ndi ndowa yawo.

Lamulo lawo linali limodzi: chinthu chibwerere pamalo pake. Mpando uli ndi pake, bini ili ndi pake. Kalaliki wina anayesapo kukankhira desiki yake pafupi ndi ya mtsikana wotayipa. M'mawa uliwonse ankaipeza itabwerera kukhoma, mpaka anatopa nakakwatira wina. Mabwana ankawatamanda mayiwa chifukwa cha khalidwe limeneli, ndipo iwo ankadziwa kuti ndi limene linkawasungira ntchito. Sanapite patali ndi sukulu, koma malo a chinthu sankawaiwala.

Kenaka kampani inalemera, kapena inangofuna kuoneka yolemera, poti zimenezi sizisiyana kwenikweni. Inamanga nyumba yansanjika pakati pa tauni, yaitali moti ukaiyang'ana nsonga chipewa chimagwa. Njerwa simungaionepo ngakhale imodzi. Yonse ndi galasi kuyambira kuphazi mpaka kumutu, m'mawa yabuluu, madzulo yofiirira ngati yachita manyazi. Ndipo siinaime chilili monga nyumba za anthu. Nsanjika iliyonse inakhotera pang'ono pamwamba pa inzake, moti nyumba yonse inapotoka, ndipo yomaliza inatulukira kunja n'kulendewera pamwamba pa msewu. Windo lotseguka mulibe. Chikepe chokwezera anthu nachonso n'chagalasi, chimayenda kunja kwa khoma ngati kachilombo pa botolo. Mbalame zinayamba kudzigunda pamenepo, atsikana odutsa anapeza pokonzera mawigi, ndipo anthu anakangana za chimene nyumbayo ikufanana nacho. Ena ankati chingwe, ena ankati botolo la mafuta onunkhira. Mayi Ndowa anaiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Ichi ndi chikolopa chofinya." Ndipo mukaiyang'ana bwino, sananame.

Amene anaijambula anali bambo wowonda wovala zakuda zokhazokha ngati ali pa maliro osatha. Anthu anamutcha Mzere, chifukwa chilichonse chimene ankanena chinkathera pa mawu amenewo. Tsiku losamuka, Mzere anagwada yekha pa nsanjika yomaliza n'kumata timadontho tachikasu pansi, m'mphepete mwenimweni mwa galasi, tinayi pa desiki iliyonse.

"Miyendo ya desiki ikhale pa madontho awa," anatero atasonkhanitsa anthu onse. "Munthu akaima mumsewu n'kuyang'ana m'mwamba, aziona mzere umodzi wozungulira nyumba. Mukasuntha desiki, mwapha nyumba."

Makalaliki anagwedeza mitu uku akuganiza za nkhomaliro. Koma kumbuyo kunaima mayi wa ndowa yabuluu, ndipo kwa iwo mawu amenewo analowa ngati lamulo la khumi ndi chimodzi.

Tsiku lomwelo anamvanso zina zimene sanayenera kumva. Ali m'kachipinda kotsukira makapu, sekilitale ankauza mnzake kuti nyumba zotere zimakolopedwa ndi kampani za anyamata a makina, ndipo mayi wachikulireyo angomuyesa kaye, akalephera m'mwambamo apite akalere zidzukulu. Kunyumba kunali zidzukulu ndithu, koma zidzukulu zimadya. Ndiye pamene Madamu, bwana wamkulu wa ofesi, mayi wa nkhope yosadziwa kuseka, anawauza kuti awapatsa nsanjika yomaliza poyamikira ntchito yawo, iwo anathokoza ndi manja awiri.

M'mawa mwake analowa m'chikepe ndi ndowa yawo. Chitseko chinatseka, ndipo dziko linagwa. Madenga a nyumba anatsika, mitengo inasanduka timasamba ta ndiwo, magalimoto anakhala ngati nyerere zonyamula shuga. Thupi linakwera, koma m'mimba munatsala pansi. Pofika m'mwamba, ndowa imene inagwira ntchito yoyera zaka zonsezo inalandira zimene sinazolowere.

Kuyambira pamenepo anasankha masitepe. Masitepe a nyumbayo ali pakati, m'khoma la simenti lopanda windo, ndipo ndi malo okhawo amene mayiwa ankawaona ngati anamangidwa ndi munthu wanzeru. Koma mawondo a munthu wa zidzukulu si a mbuzi. Ankalawirira kusanabwere aliyense, kukwera, kupuma, kukweranso. Ndi m'menemo mmene anawapeza mlonda wa pakhomo, bambo wamasiye amene anthu amamutcha Chipewa chifukwa sachivula ngakhale pakudya. Anawapeza atakhala pa sitepe, akupuma ngati mvukuto.

"Mayi, chikepe chija n'chaulere," anatero Chipewa. "Kapena mukuyesa alipiritsa?"

"Ndikulimbitsa thupi, achimwene."

"Thupi lake liti? Ili likulira ngati geti la kuseri?"

Mayi Ndowa anafuna kukwiya, koma mpweya wokwiyira unalibe. Anamuuza zonse, n'kumulumbiritsa kuti akangotsegula pakamwa adzamukolopa nkhope. Chipewa anamvetsera, anakanda pansi pa chipewa, nati kwake kuli mtengo wa mandimu umene ukungotaya zipatso, ndipo ndimu amaletsa mseru. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera ndi mandimu m'thumba la jekete, n'kuwanyamulira ndowa mpaka pamwamba. Tsiku lina mayiwa anaphonya sitepe, iye anawawakha m'chiuno, ndipo nthawi yomweyo mesenjala anatsegula chitseko. Mesenjalayo anangotseka chitsekocho mwaulemu, n'kupita kukagwira ntchito yake yofalitsa mauthenga.

Koma masitepe sanali vuto lalikulu. Vuto linali madesiki.

Pakati pa chipinda mayiwa ankakolopa bwinobwino, maso ali pansi monga mwa kale. Koma m'mawa wachiwiri womwe anapeza madesiki onse atachoka pa madontho. Anali ataunjikana pakati, mozungulira zipilala, ngati nkhuku pa mvula. Timadontho tachikasu tinatsala tokha m'mphepete mwa galasi. Mayi Ndowa anagwira pakamwa. Mzere akabwera n'kuona nyumba yake yaphedwa, adzaloza ndani? Mu ofesi amene amasuntha mipando ndi wokolopa. Ndiye anavula nsapato, anatembenukira mkati, anatsamiritsa msana pa desiki, n'kuyamba kukankha chobwerera m'mbuyo, maso ali tsinzi. Koma kuti udziwe ngati mwendo wa desiki wakhala pa dontho, uyenera kuyang'ana pansi. Ndipo pambali pa dontho, chikhatho chimodzi chokha, panalibe khoma. Panali galasi, kenaka mphepo, kenaka kutali uko basi yaing'ono ngati bokosi la machesi. Desiki iliyonse inkawalipiritsa chizungulire chake. Ikafika yomaliza, ndowa inkalandira.

Mawa lake, madesiki pakati. Iwo n'kubwezera. Mkuja, pakati. Iwo n'kubwezera. Ankatsika anthu asanafike, ndipo masana ankakhala pansi akutsuka zimbudzi za alendo, choncho sanaonepo amene ankawasuntha. Anayamba kuonda nkhope, kuyenda atagwira pamimba, ndimu ali kukamwa. Zina zonsezo munawonjezera ndinu.

Mphekesera inafika kunyumba tsiku Lamulungu masana, itavala diresi la maluwa. Anali mlamu wawo, mlongo wa malemu amuna awo, mayi amene pakamwa pake sipafuna mabatire. Anakhala pa mpando wabwino, anakana tiyi, kenaka anamulandira, n'kuyamba kuyang'ana pamimba pa mwini nyumba.

"Mlamu, mwanenepa."

"Ndaonda, alamu."

"Kumaso mwaonda. Ine ndikunena kwina." Anamwako tiyi. "Ife sitikukana. Achimwene anapita kale, mafupa anayera. Koma mlonda, mlamu? Nyumba yonse ija, mabwana ali mbwee, inu n'kusankha wa pa geti?"

"Wa pa geti ndi amene amayamba kukuona," anatero Mayi Ndowa.

Anadzidabwa okha. Mawu oti akane anali pa lilime, koma anawameza. Anaganiza msanga: mwana wa mnansi wa mlamuyu ndi amene amalandira alendo ku ofesi. Akangonena pano kuti ndimaopa m'mwamba, mawa lomwe Madamu amva, ndipo anyamata a makina alowa. Mimba sichotsetsa munthu ntchito, koma mantha amachotsetsa. Ndiye anasankha manyazi amene ali ndi chakudya.

"Ndiye simukukana?" anafunsa mlamuyo, maso atawala.

"Tiyi wanu akuzizira."

Mlamuyo anatuluka osatsanzika bwino, poti katundu amene ananyamula anali wotentha.

Zinayenda choncho mpaka m'mawa wina pamene Mayi Ndowa, atangomaliza kubwezera madesiki n'kutsika, anauzidwa kuti Madamu abwera molawirira ndipo akuwafuna m'mwamba. Chipewa anawaperekeza mpaka pa chitseko cha masitepe.

"Akafunsa, munene kuti ndi yanga," anatero motsitsa mawu. "Ine sindikana."

"Yanu chiyani, inu? Mulibe kanthu muno."

"Ndikungonena kuti ikanakhalapo sindikanakana."

"Gwirani ndowa, musandiwonjezere chizungulire."

Chipinda cha Madamu chili pa ngodya yeniyeni imene imalendewera pamwamba pa msewu, galasi uku, galasi uku. Desiki yawo yaikulu inali pa madontho ake, pomwe mayiwa anaisiya. Koma Madamu sanakhale pa desikiyo. Anaima pafupi ndi chitseko, atatsamira khoma lokhalo la simenti, chikwama chili kukhwapa.

"Mayi, ndani amasuntha madesiki muno?"

"Si ine, Madamu. Ine ndimangobwezera."

"Mumabwezera."

"M'mawa uliwonse. Pa madontho penipeni. Bambo ovala zakuda aja akabwera sadzapeza cholakwa."

"Ndi yanganso?"

"Yanu ndiye yolemera, ndimayamba ndi imeneyo mphamvu zikadalipo."

Madamu anatseka maso kwa kanthawi, ngati munthu amene wapeza mfiti yake n'kuona kuti ndi azakhali ake. Kenaka anayang'ana pamimba pa mayiwa.

"Ndamva za mmene mulili," anatero. "Si nkhani yanga, ndinu munthu wamkulu. Koma sindingalole munthu woyembekezera, pa msinkhu wanu, azikankha madesiki ndi kukwera masitepe. Mupite mukapume mpaka mutachira. Pakadali pano tiitana anyamata a kampani aja agwirizire."

Apo ndiye Mayi Ndowa anaona kuti bodza limene analisunga ngati galu wolondera nyumba latembenuka n'kuluma mwini. Anyamata a makina akalowa kuti agwirizire, adzatuluka liti? Ndipo pakutha pa miyezi adzabwera ndi chiyani m'manja, ndimu? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anagwada pa kapeti.

"Madamu, ine mimba ndilibe. Zimenezo ndinasiya kalekale, ngakhale njira yake ndinaiwala. Ine ndimaopa. Ndikayang'ana pansi apo, mutu umazungulira, m'mimba mumabwera kukhosi. Chikepe chija sindikwera. Madesiki ndimakankha ndi msana, nditatsinzina. Ndinabisa chifukwa ndinamva kuti ndikalephera m'mwamba muno mundichotsa. Koma ntchito sindinalephere, Madamu, yang'anani pansi, mudziona nkhope."

Madamu sanayang'ane pansi. Mayiwa anayamba kuganiza za kumene angagulitse ndowa. Kenaka mapewa a bwanayo anayamba kugwedezeka. Nkhope ija yosadziwa kuseka inang'ambika. Anatsegula chikwama, anapisamo dzanja, n'kutulutsa ndimu wolumidwa kale mbali imodzi.

"Dzukani, mayi," anatero akupukuta misozi. "Mukudziwa kuti msana wanga watha chifukwa cha inu? M'mawa uliwonse ndimakhoma chitseko, kuvula nsapato, n'kukoka chidesiki ichi ndekha mpaka apa. Mawa ndipeza chabwerera kuphompho. Ndimayesa bambo wa mizere uja analemba munthu wondizunza."

"Ndiye inunso, Madamu?"

"Ine ndi amene ndinasainira nyumba ino. Ndikanauza ndani?"

Zinadziwika tsiku lomwelo kuti nsanjika yonse inali m'bwato limodzi... ayi, tinene kuti onse ankadwala nthenda imodzi, aliyense akubisa mankhwala. Makalaliki ankakokera madesiki pakati akangofika, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chake chooneka bwino. Wina ankati dzuwa likuwala pa kompyuta. Wina ankati waya wafupika. Wowerengera chuma, bambo wa mimba yeniyeni, ankati galasi limamuzizira m'mawondo. Akapeza madesiki abwerera, ankayesa ndi lamulo la Madamu, ndiye ankangokoka mwakachetechete osadandaula. Walira mvula walira matope: onse anavina tsiku lolowa m'nyumba yapamwamba, ndiye panalibe wofuna kukhala woyamba kunena kuti mawondo akunjenjemera. Anthu ophunzira, a mataye, ankalimbana m'mawa uliwonse ndi mayi mmodzi wotsinzina, osadziwana.

Madamu analamula kuti madesiki akhale pakati, ndipo m'mphepete monse mwa galasi aikemo makabati aafupi ndi miphika ikuluikulu ya maluwa, yofika m'chiuno. Munthu tsopano amaona thambo ndi mapiri akutali, koma msewu sauona pokhapokha ataufuna. Timadontho tachikasu anatipala ndi Mayi Ndowa eni ake, ndi mpeni wa kukhitchini, akuimba nyimbo ya kwaya. Amati sanagwirepo ntchito yokoma ngati imeneyo.

Mzere anabwera, anaima mumsewu, anayang'ana m'mwamba n'kugwira mutu. Mzere wake unali utapita. M'malo mwake nsanjika yomaliza inazunguliridwa ndi masamba obiriwira, moti anthu a m'tauni anayamba kunena kuti nyumba ija yamera tsitsi. Anakwera kukadandaula kuti nyumba yaphedwa. Madamu anamuuza kuti nyumba ikhoza kufa, bola anthu ali moyo, ndipo ngati akufuna mzere abwere ndi desiki yake adzakhale pa galasi yekha. Sanabwere nayo.

Za anyamata a makina sizinamvekenso. Mayi Ndowa akadali pa nsanjika yomaliza, ndipo awonjezeredwa ntchito yothirira maluwa, imene amaigwira ataima mbali ya mkati, dzanja lokha litatambasuka. Lamulo lawo silinasinthe, chinthu chibwerere pamalo pake, kungoti malo ake tsopano ndi pomwe munthu angakhale osasanza. Chikepe anayamba kukwera, atafulatira galasi, mphuno ili pa chitseko. Nthawi zina amakweramo ndi Madamu, onse awiri atayang'anitsitsa mabatani ngati akupemphera, osalankhulana mpaka chitseko chitatseguka. Nkhope yabwerera, chakudya chikukhala m'mimba.

Chipewa akubwerabe ndi mandimu ngakhale palibe amene akuwafuna, ndipo Lamulungu lapitali anaonedwa atavula chipewa pakhomo pa mayiwa. Imeneyo ndi nkhani ina, ndipo mutu wake uli ndi dazi. Mlamu uja akuwerengabe miyezi, wafika pa chala chomaliza ndipo wayambiranso, akuti mwina ndi ya njovu.

Mayi Ndowa alibe pakati, amangoopa kuyang'ana pansi ali m'mwamba.